Tifunseni za Galimoto: Ngolo ya boti ikukana kulowa pageti

Makalata amene ndasankha mwezi uno onse akukamba nkhani imodzi, yolowetsa ngolo ya boti pakhomo. Loyambali ndiliyankha motalikirapo, chifukwa zimene zili m'menemo zithandizanso enawo.

FUNSO: Akulu, ndayendetsa galimoto zaka zoposa 20 popanda kugunda kanthu. Chaka chino ndagula boti la injini, lotalika mamita asanu, pamodzi ndi ngolo yake ya matayala awiri. Kukoka pamsewu sikundivuta. Vuto lili pofika kunyumba. Msewu wathu ndi wopapatiza, geti ndi la mamita atatu, ndipo tsidya lina la msewu kuli ngalande. Ndikaika rivesi ngolo imapita kumene sindikufuna, ndipo ndikati ndikonze imapindika mpaka kufuna kugunda bampala. Sabata yatha ndinaswa nyali ya ngolo pachipilala cha geti, aneba akuonerera. Pano boti likugona kunja kwa mpanda. Ndithandizeni. (Bambo wothedwa nzeru)

YANKHO: Bambo, pepani ndi nyaliyo. Musadzione ngati simudziwa galimoto, chifukwa chimene chikukusokonezani ndi luso lanu lomwelo. Manja anu anazolowera kuti pa rivesi, mukakhotetsera chiwongolero kumanja, kumbuyo kwa galimoto kumapita kumanja. Zimenezi sizisintha mukakoleka ngolo. Chosintha n'chakuti pakati pa galimoto ndi boti pabwera mfundo yopinda, pakamutu ka towbar, chitsulo chokolekapo ngolo kumbuyo kwa galimoto chija. Kumbuyo kwa galimoto kukapita kumanja kumakankhira mphuno ya ngolo kumanja komweko, ngolo n'kutembenukira pamatayala ake, ndipo mchira wake umaloza kumanzere. Zili ngati wilibala: mukafuna kuti ikhotere kumanzere, zogwirira zake mumazipititsa kumanja. Pa rivesi galimoto ndiyo manja anu, ngolo ndiyo wilibalayo.

Kuti mutu usamazungulire ndi kumanja ndi kumanzere, chotsani dzanja pamwamba pa chiwongolero muligwiritse pansi pake, pafupi ndi mawondo. Mukatero, kumene dzanja lapita n'kumene mchira wa ngolo upite. Dzanja kumanzere, boti kumanzere. Mukamabwerera mowongoka n'kuona boti layamba kudzaza galasi la kumanja, dzanja lisunthire kumanzere pang'ono chabe, mwina kutalika kwa chikhatho, kenako libwerere pakati. Ngolo siyankha nthawi yomweyo. Imafuna iyende mita imodzi kapena kupitirirapo kuti muone zotsatira za chimene mwachita, ndipo anthu ambiri amalephera kudikira mita imeneyo. Amaona ngati sizinagwire, amawonjezera, ndiye zonse ziwiri zimabwera pamodzi.

Njira ya dzanjayi ambiri amaikamba ngati ndiyo mankhwala a zonse. Ine ndimaiona kuti ndi kagawo kochepa ka ntchitoyi. Anthu amene ndakhala nawo pampando wa pambali akuphunzira, ambiri amene ngolo imawakanika amakhala atalephera kale asanaike n'komwe rivesi, chifukwa cha pamene anaimitsa galimoto. Amadutsa geti mowongoka, galimoto ndi ngolo zili pamzere umodzi pakati pa msewu, kenako n'kufuna kuti ngolo ikhote kona yathunthu m'kamsewu kopapatiza. Kuti itero ayenera kuthyola chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo m'pamene imapindikira ku bampala. Ndikukhulupirira kuti zanu zikuyenda motero.

Yambani ndi kusankha mbali yofikira. Bwerani m'njira yoti geti likhale kumbali imene mwakhala inu woyendetsa, ngakhale zitafunika kuzungulira kaye kuti mutulukire kwinako. Ngolo ikamakhotera mbali yanu mumaiona yonse pawindo, kuyambira mphuno mpaka tayala. Ikamakhotera mbali inayo imabisala kuseri kwa galimoto, galasi n'kumangoonetsa nthiti za boti. Madalaivala a mathiraki amaipewa mbali imeneyo akakhala ndi mwayi wosankha, nanga inu muilimbirenji? Kufika chotere nthawi zambiri kumatanthauza kulowa mbali ya msewu ya magalimoto ochokera kutsogolo, choncho yatsani mahazadi ndipo dikirani msewu ukhale phee. Wina akatulukira, m'koleni dzanja adutse. Munthu amene kumbuyo kwake kukulira hutala sakhotetsa bwino.

Tsono tamverani kaimikidwe kake, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Yandikirani geti mukuyenda pang'onopang'ono, mutatsamira mbali ya geti lomwelo. Matayala akumbuyo a galimoto akangodutsa geti, khotani kuchoka ku geti, kuloza tsidya lina la msewu. Musanafike pa ngalande ija, khotaninso kubwerera kuti galimoto iime motsata msewu. Imani matayala a ngolo atadutsa geti ndi mamita angapo. Tsikani mukaone. Mupeza kuti galimoto yaima mowongoka kutsidya, koma ngolo yatsala chopingasa, mchira wake utaloza kale ku geti. Theka la kona ija mwalikhota mukupita kutsogolo, kumene manja anu savutika. Mukaona kuti mchira sunaloze ku geti, musaike rivesi n'kumati ndikonzera m'njira. Zungulirani mukayambirenso.

Musanayesenso, tengani tepi muyeze ngolo pamene yatambalala kwambiri, kawirikawiri pa madigadi kapena pamimba pa boti. Tiyerekeze kuti mwapeza mamita 2.2. Pa geti la mamita atatu mwatsala ndi masentimita 80, kutanthauza 40 uku ndi 40 uku, ndipo amenewo ndi a ngolo yolowa mowongoka. Yolowa chopingasa imadya malo ambiri. Choncho kukhota kwakukulu kuthere mumsewu, kuti pofika pa zipilala ngolo ikhale itatsala pang'ono kuwongoka. Kumbukiraninso kuti kumbuyo kwa matayala a ngolo kuli chigawo cha boti ndi injini chimene chimatsogola kulowa, ndipo ngolo ikamatembenuka chigawo chimenechi chimasesera kunja kwa kona. Nyali zimakhala komweko. N'kutheka kuti yanu inasweka mukuyang'ana chipilala cha mbali yanu, pamene mchira unali kusesera ku chipilala chinacho.

Nanga maso akhale pati? Pa tayala la ngolo la mbali yanu. Boti ndi lalikulu ndipo limakopa maso, koma ngolo imatembenukira pamatayala, ndipo kumene tayala lija ladutsa n'kumene china chilichonse chitsatire. Ikani chizindikiro pansi, botolo la pulasitiki lodzaza mchenga kapena mzere wa choko, pamalo pamene tayalalo liyenera kudutsa polowa pageti. Ikaninso ena awiri mumsewu kuti apange uta wofika pamenepo. Ntchito yanu ikhale kuyendetsa tayala limodzi limenelo m'mbali mwa zizindikirozo, uku mukuponya maso pa galasi linalo pafupipafupi.

Pobwerera pali kusuntha kutatu kwa dzanja, ndipo kwachiwiri n'kumene anthu amaiwala. Mumayamba ndi kupititsa dzanja mbali ya geti kuti ngolo iwonjezere kupinda. Ikangopinda mokwanira uta wanu, bwezani chiwongolero, chidutse pakati n'kupitirira mbali inayo, kuti galimoto iyambe kulondola ngolo m'njira yomwe ikudutsa. Mukapanda kubweza, kupindako kumangowonjezereka kokha ngakhale mutagwira chiwongolero osasuntha. Pomaliza, tayala likamayandikira chipilala, wonjezerani kulondolako mpaka galimoto ibwere pamzere umodzi ndi ngolo. Bwezani msanga kuposa mmene mtima ukukuuzirani. Pa nthawi yolondolayi mphuno ya galimoto imasesera kunja, ku ngalande ija, choncho musaiwale kuyang'ananso kutsogolo. Ndaonapo ngolo italowa bwinobwino pageti pamene tayala lakutsogolo la galimoto lili lendee m'ngalande.

Liwiro likhale la munthu woyenda mosafulumira, kapena kucheperapo. Mukaona kuti kupinda kwapitirira, imani. Ngolo ikapinda kufika pamlingo wina, chiwongolero sichingaibwezenso mukupitabe m'mbuyo, ngakhale mutachithyola chotani. Ikani giya yoyamba, pitani kutsogolo mita imodzi kapena iwiri, ngolo iwongoka yokha, ndiye yambiraninso. Kupita kutsogolo ndi mbali ya ntchitoyi, ndipo amene amakoka ngolo tsiku ndi tsiku amachita kawiri katatu pa geti lopapatiza popanda kuchita nazo manyazi. Aneba aziyang'ana, boti ndi lanu.

Chimodzi chikutonthozeni. Ngolo ya boti ndi yosavuta kubweza poyerekeza ndi kangolo kakafupi konyamulira katundu. Chifukwa cha kulemera kwa injini, ekiselo yake imakhala chakumbuyo, ndipo mtunda wochoka pa towbar kufika pa matayala ukatalika, ngolo imatembenuka modekha n'kukupatsani nthawi yokonza. Pezani bwalo lopanda anthu Loweruka lina, imikani mabotolo awiri motalikirana mamita atatu akhale geti lanu. Yambani ndi kubwerera mowongoka mamita 30 mpaka zitakhazikika m'manja, kenako muyambe kona. Botolo likaphwanyika simulira nalo ngati nyali.

FUNSO: Amuna anga akamalowetsa boti amandiuza kuti ndiime kumbuyo ndiziwalozera. Nthawi zonse zimathera mkangano. Ndikati kumanja, iwo amapita kwina n'kumati ndawasokoneza. Tsiku lina ndinakuwa kuti aime koma sanamve, boti linakhula khoma la galaja. Pano ndimachita mantha akangonena kuti tikupita kumadzi. Kodi wolakwa ndani? (Mayi wodandaula)

YANKHO: Mayi, sindiloza chala munthu, chifukwa cholakwika ndi chakuti munayamba ntchito musanapangane chinenero. Mawu akuti kumanja ali ndi matanthauzo anayi pamalo amenewo: kumanja kwanu inu amene mwayang'ana galimoto, kumanja kwa bambowo amene akuyang'ana pagalasi, kumene chiwongolero chipite, ndi kumene boti lipite. Inu mukunena chimodzi, iwo akumva china, ndipo nonse mukunena zoona.

Asiyeni mawuwo. Musanayambe, muli chiimire pambali pa galimoto, gwirizanani zizindikiro za manja zitatu zokha. Mkono wotambasulidwa ukuloza kumene mchira wa boti uyenera kupita, osati chiwongolero. Za chiwongolero azidziwira okha. Manja awiri otalikirana akusonyeza mtunda umene watsala, ndipo muziwayandikizitsa pamene boti likuyandikira khoma. Manja opingasitsidwa pamwamba pa mutu akutanthauza kuima pompo, osafunsa chifukwa. Mawu okhawo oti mukuwe ndi akuti imani, ndipo kuti amveke, mawindo onse akhale otsitsa, wailesi yozima. Ngati injini ndi yaphokoso, imbiranani foni muike pa sipika.

Poima panu ndi nkhani ya moyo, ndipo apa ndikupemphani musachite chibwana. Musaime kumbuyo kwenikweni kwa boti, musaime pakati pa boti ndi khoma, ndipo musalowe pakati pa galimoto ndi ngolo injini ikulira. Imani chakumbali, pamene mukuona nkhope ya bambowo m'galasi la galimoto. Ngati simukuiona nkhopeyo, dziwani kuti iwonso sakukuonani. Lamulo lawo likhale ili: mukangosowa m'galasi, aponde buleki mpaka muonekenso. Mukafuna kuona mbali inayo, aimitseni kaye, zungulirani, kenako apitirize. Musamayende chafutambuyo mukulozera, chifukwa mwala umodzi ukhoza kukugwetsani m'njira ya tayala. Ana ndi agalu akhale m'nyumba mpaka injini itazima.

Muziyang'ananso m'mwamba. Woyendetsa maso ake ali pansi pa matayala, ndiye nthambi za mitengo, mawaya a magetsi, denga la galaja ndi chitsulo cha pamwamba pa geti ndi zanu. Boti likakhala pangolo limatalika kuposa mmene limaonekera pamadzi, makamaka likakhala ndi kadenga ka lona kapena mlongoti wa wailesi umene mwaiwala kugoneka.

Kwa bambowo ndinene izi mwaulemu. Amene wagwira chiwongolero ndiye mwini udindo. Mukakayika, tsikani mukaone ndi maso anu, ngakhale kasanu. Mayiwa akukubwerekani maso pamalo oopsa, ndipo munthu amene wakalipiridwa amayamba kuzengereza kukuwa pamene pafunika kukuwa. Ndingakondenso kuti tsiku lina pabwalo musinthane, mayi agwire chiwongolero inu mulozere. Aliyense akalawa mbali ya mnzake, zizindikiro zimayamba kumveka.

FUNSO: Njira yolowera kwanga ndi yokwera kuchokera pamsewu. Ndikamabweza ngolo pachitundapo imalimba ngati wina waigwira, galimoto imabangula, kilatchi imanunkha. Komanso pansi pa injini ya boti pamakhula simenti poyamba kukwera. Pamalo athyathyathya zonsezi sizichitika. Ngolo yanga yawonongeka? (Mnyamata wa pikiyapu)

YANKHO: Achimwene, ndikuganiza kuti ngolo yanu ili bwino, ndipo amene akuigwira ndi mabuleki ake omwe. M'mayiko ambiri, monga a ku Ulaya, ngolo imene kulemera kwake pamodzi ndi katundu kumapitirira makilogalamu 750 iyenera kukhala ndi mabuleki, ndipo ngolo zambiri za maboti zili ndi mabuleki odzigwira okha. Pamphuno pa ngolo pali chitsulo chimene chimalowa ndi kutuluka. Galimoto ikachepetsa liwiro pamsewu, ngolo imaikankha kumbuyo, chitsulocho chimafinyika, ndipo kufinyikako ndiko kumamanga mabuleki. Tsono mukamabweza pachitunda, galimoto ndiyo ikukankha ngolo, chitsulo chija chimafinyika chimodzimodzi, ndipo mabuleki sadziwa kusiyanitsa. Mukawonjezera moto, nawonso amawonjezera kugwira. Pathyathyathya mphamvu yokankha ndi yochepa, n'chifukwa chake simumva kanthu.

Opanga ngolo anakonza njira zitatu zothetsera zimenezi, ndipo muyenera kudziwa imene ili pa yanu. Zina zili ndi bowo kapena kachitsulo pamphuno pamene mumalowetsa pini kuti chitsulo chija chisafinyike. Zina zili ndi kavalavu ka magetsi kamene kamatseka mafuta a mabuleki nyali za rivesi zikayaka. Kameneka kamadalira waya wochokera ku galimoto, ndiye ngati pulagi ya pikiyapu yanu ilibe waya wa rivesi, kapena yachita dzimbiri, kapena munaizula, mabuleki agwira. Zina mabuleki ake amadzimasula okha tayala likayamba kuzungulira cham'mbuyo, ndipo amenewa akayamba kukana ndiye kuti akufuna makaniko awatsuke ndi kuwatchuna, poti amamizidwa m'madzi kawirikawiri. Ngati yanu ndi ya pini, chonde muziichotsa musanabwerere pamsewu. Mukaiiwala ndiye kuti mukukoka ngolo yopanda mabuleki. Mangirirani kansalu kofiira pa piniyo kuti izikukumbutsani.

Za kilatchi, fungo limenelo ndi ndalama zikupsa. Ngati pikiyapu yanu ili ndi giya yotsika ya 4x4, igwiritseni ntchito pokwera. Imachepetsa liwiro pafupifupi kawiri kapena kuposerapo, ndiye mumatha kuchotseratu phazi pa kilatchi galimoto n'kumakwawa yokha. Chenjezo lake n'lakuti magalimoto ambiri otere akakhala mu 4x4 safuna kukhota kwambiri pa phula kapena simenti youma, chifukwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana ndipo zitsulo zimamangika. Choncho malizani kona mu giya wamba, muwongole, ndiye muike yotsikayo pokwera mowongoka. Ngati mahabu, zotsekera za pakati pa matayala akutsogolo, ndi otseka pamanja, asiyeni osatseka, mupeza giya yotsika popanda kumangikako.

Kukhula simenti kuli ndi chifukwa china. Mchira wa boti umafika pachitunda matayala a ngolo akadali pansi pamsewu, ndiye chipsepse cha pansi pa injini chimakumana ndi simenti. Pendeketsani injini m'mwamba musanayambe, ndipo ngati muziyenda nayo chopendekeka pamsewu, ikhale ndi chitsulo choichirikiza kuti kulemera kwake kusamagwedeze thabwa la kumbuyo kwa boti. Ngati malo alola, yambani kukwera chopingasa pang'ono kuti tayala limodzi likwere linzake lisanafike, mchira umatukuka msanga. Pamene msewu wakumana ndi chitunda pakakhala chidikha, yalanipo matabwa okhuthala pansi pa njira ya matayala, ndipo muwachotse mukamaliza kuti madzi a mvula aziyenda. Onaninso kuti katayala kochirikiza mphuno ya ngolo kakwezedwa mpaka kumapeto n'kumangidwa, chifukwa galimoto ikafika pachidikhapo ndiko kamayamba kukhula. Ndipo musanachoke kumadzi, tsegulani bowo lotulutsira madzi m'boti. Lita iliyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi imene kilatchi yanu ikukankha pachabe.

FUNSO: Pakhomo panga njira imakhota kuseri kwa nyumba, ndipo galimoto singathe kulondola ngolo mpaka kumeneko. Kodi ndingamasule ngolo n'kuikankha ndi manja? Nanga magalimoto atsopano amene amati amabweza okha ngolo, ndi oona? Boti likhala pamenepo miyezi ingapo. (Agogo okonda kuwedza)

YANKHO: Agogo, pamalo athyathyathya ndi olimba, inde mungathe. Ngolo ya matayala awiri imatembenuka pamalo amodzi ikakhala pa katayala kake kakutsogolo, ndipo anthu awiri amaiyendetsa bwino. Pamalo otsetsereka, ayi, ngakhale kutsetserekako kukuoneka kochepa. Boti la mamita asanu ndi injini, mafuta ndi ngolo yake zimatha kufika tani imodzi. Pa mtsetse umene umatsika mita imodzi pa mamita khumi alionse, tani imeneyo imakoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 100, ndipo ikangoyamba kuyenda palibe munthu angaigwire. Musanamasule ngolo pa towbar, pingani matayala onse ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Njerwa musazidalire, zimafumbutuka. Mukamakankha, wina aziyenda pambali atanyamula chipika, osati kutsogolo kwa ngolo.

Ngolo ya matayala anayi ndi nkhani ina. Pokhota matayala ake amakhula pansi chammbali, ndipo ndi manja simungaitembenuze. Imeneyo, komanso iliyonse yolemera, imafuna chida. Pali kangolo ka matayala awiri kokhala ndi kamutu ka towbar ndi chogwirira chachitali, kamene kamanyamula mphuno ya ngolo inu n'kumakoka mutaimirira bwino, msana osapweteka. Pali tina ta batire toyenda tokha. Koma pa njira yokhota ngati yanu, chimene ndimachikonda ndi towbar yachiwiri yomangidwa kutsogolo kwa galimoto. Mumamasula ngolo pageti, mumatembenuza galimoto, mumakoleka kutsogolo n'kumakankha mukuiona ndi maso. Popeza matayala okhota ali pafupi ndi mphuno ya ngolo, imamvera msanga ndipo imalowa m'makona amene pa rivesi simungawalote. Imeneyi ndi ya pabwalo pokha, osati pamsewu, ndipo woiika akhale mmisiri wodziwa pomanga. Onetsetsani kuti kamutu kake ndi kofanana ndi kapu ya ngolo yanu, chitsulo cha pamphuno chimene chimavala kamutuko. Kofala ndi ka mamilimita 50, koma ngolo zochokera ku America zimabwera ndi miyezo ya mainchi, ndipo kusiyana kochepa kumakwanira kuti ngolo ivuke.

Magalimoto obweza ngolo alipodi. Volkswagen inaika Trailer Assist pa Passat imene inatuluka mu 2014, ndipo woyendetsa amaloza kumene ngolo ipite pogwiritsa ntchito kabatani kosinthira magalasi. Ford inaika Pro Trailer Backup Assist pa F-150 ya 2016, yokhala ndi kabatani kopotokola. Galimoto imazunguza yokha chiwongolero, inu n'kumasamala buleki ndi moto. Zimachotsa chisokonezo cha kumanja ndi kumanzere, koma sizikusankhirani poima musanayambe, ndipo galimoto yosakwana kuseri kwa nyumba siikwana chifukwa cha kabatani. Pa vuto lanu sindingakulimbikitseni kusintha galimoto.

Poti boti likhalitsa, liikeni bwino. Pingani matayala ndi zipika, ndipo ngati pamalopo ndi pathyathyathya, masulani handibuleki ya ngolo, chifukwa mabuleki amene anyowa akasiyidwa omanga kwa miyezi amamatirira ndi dzimbiri. Pa nthawi imene mukuidalira handibulekiyo, ikokeni mpaka kumapeto, popeza pa ngolo za mabuleki odzimasula pa rivesi, yokoka theka imalola ngolo kutsetsereka cham'mbuyo. Ngati munali m'madzi amchere, tsukani ngolo, mabuleki ndi injini ndi madzi abwino tsiku lomwelo. Kwezani mphuno ya ngolo kuti boti lipendekere kumbuyo, chotsani chotsekera pabowo lotulutsira madzi kuti mvula isadzaze, ndipo chotsekeracho muchimangirire pa chiwongolero cha boti kuti musadzalowe m'madzi mutachiiwala. Pansi pa katayala kakutsogolo ikanipo thabwa kuti kasamire m'dothi. Ikani loko pa kapu ya ngolo.

Kumbuyo kwa ngolo, pansi pa chitsulo chake, ikaninso chochirikiza. Mphuno ya ngolo ya boti imanyamula gawo lochepa la kulemera konse, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10 pa 100 iliyonse, ndiye pa tani imodzi ndi makilogalamu 50 mpaka 100 okha. Munthu wamkulu mmodzi, kapena zidzukulu zitatu zikakwera n'kuunjikana kumbuyo kwa boti limene silinakolekedwe ku galimoto, mphuno imatha kunyamuka, injini n'kumenya pansi. Chipika chokhuthala kapena jeke yoimika pansi pa ngolo kumbali zonse ziwiri imaletsa zimenezi, ndipo muziona mpweya wa matayala kamodzi pamwezi kuti asaphwe boti lili chikhalire.